Linux yoyambira nayo ndi iti?

Pa 14 October 2025 kampani ya Microsoft idasiya kusamalira Windows 10 monga inkachitira kale, chonsecho makompyuta ambiri akaunjika sangathe kunyamula Windows 11. Kwa ophunzira ndi amalonda ang'onoang'ono a ku Mwenge, mumzinda wa Dar es Salaam, kugula makina atsopano si nkhani yamasewera. Njira ina ndi Linux, yomwe ndi yaulere.

Mapulogalamu aulere si achilendo kuderali. Pa University of Dar es Salaam, kufupi ndi Mwenge, akatswiri a ntchito ya Kilinux adamasulira OpenOffice m'Chiswahili mu 2004.

Chovuta n'chakuti Linux ili ndi mitundu yankhaninkhani. Woyamba kumene asankhe mtundu umene anzake apafupi amaudziwa, pakuti makina akavuta thandizo limachokera kwa iwowo. Ubuntu, yomwe Mark Shuttleworth wa ku South Africa adayambitsa mu 2004, imasamalidwa zaka 5 ikakhala ya LTS. Linux Mint imaoneka ngati Windows, pamene Lubuntu ndi yopepuka, yoyenera makina okalamba.

Asanaike chilichonse, asunge mafayilo ake pamalo ena, kenaka ayese Linux kuchokera pa fulashi kuti aone ngati Wi-Fi ndi pulinta zikugwira ntchito.