Nyongolotsi Khumi m'Botolo: Tiphunzitse Ana Kuyesa Ululu wa Mankhwala

Pa maphunziro a Sayansi ndi a Ulimi, mutu wa mankhwala ophera tizilombo ukafika, aphunzitsi ambiri amalemba pa bolodi kuti mankhwalaŵa amaononga zamoyo za m'nthaka, ana nkukopera m'makope mwawo, phunziro nkuthera pomwepo. Mawuwo ngoona ndithu. Koma mwana wochenjera akakweza dzanja nafunsa kuti, "Kodi aphunzitsi, anthuwo adadziŵa bwanji?" kaŵirikaŵiri yankho limasoŵa. Maganizo athu ndi akuti funso limeneli ndilo phunziro lenileni, ndipo yankho lake likhoza kuonetsedwa m'kalasi pogwiritsa ntchito nyongolotsi, dothi ndi mchere wa m'ndiwo.

Mu 1984 bungwe la OECD, limene likulu lake lili ku Paris, lidakhazikitsa njira imodzi yoti akatswiri a m'maiko osiyanasiyana aziitsata poyesa ululu wa mankhwala pa nyongolotsi, ndipo njirayo idapatsidwa nambala 207. Dothi lake silikumbidwa m'munda ayi, limachita kupangidwa: magawo 70 mwa 100 alionse ndi mchenga, magawo 20 ndi dongo loyera la mtundu wa kaolin, ndipo magawo 10 ndi peat, ndiye kuti ndere zoolerana za m'madambo a kumaiko ozizira. Amathiramo laimu pang'ono kuti pH ikhale pa 6, nalinyoŵetsa ndi madzi. Mankhwala oyesedwawo amasakanizidwa m'dothimo pa milingo 5 yosiyana, kuyambira wochepa kukafika wochuluka. Botolo lililonse lagalasi limalandira magalamu 750 a dothi lonyoŵa ndi nyongolotsi 10 zokhwima za mtundu wa Eisenia fetida, iliyonse yolemera pakati pa mamiligalamu 300 ndi 600. Mlingo ulionse umakhala ndi mabotolo 4. Onsewo amasungidwa pamalo otentha madigiri 20, nyali zili chiyakire usana ndi usiku, ndipo zakufa zimaŵerengedwa pa tsiku la 7 ndi pa tsiku la 14.

Mphunzitsi wodziŵa ntchito yake waona kale kuti lamulo lililonse pamenepa ndi funso loti aponyere ana. Nyali ziyakiranji usiku wonse? Chifukwa nyongolotsi imathaŵa kuŵala, motero imakhala m'kati mwa dothi lamankhwalalo m'malo mokwera m'mbali mwa botolo. Dothi lochita kupanga nlachiyani, chikhalirecho dothi lili ponseponse? Chifukwa dothi la makande ndi la mchenga sagwira mankhwala mofanana, ndipo katswiri wa ku Japan sangayerekeze zimene wapeza ndi za mnzake wa ku Germany ngati aliyense akumba kuseri kwa nyumba yake. Nanga tidziŵa bwanji kuti nyongolotsi yafadi? Lamulo likuti aikhudze pang'ono chakumutu, ndipo ikapanda kugwedezeka iŵerengedwe yakufa. Mwana amene wayankha yekha mafunso otereŵa wamvetsa tanthauzo la kuyesa mwachilungamo kuposa mnzake amene waloŵeza pamtima tsamba lathunthu la m'buku.

Koma mwa mabotolo onse, lofunika koposa ndi lija limene silithiridwa mankhwala konse. Ife timakonda kulitcha botolo la mboni. Dothi lake nlomwelo, madzi ngomwewo, nyongolotsi nzofanana, kungoti mulibe mankhwala. Njira ya OECD ikunenetsa kuti ngati m'mabotolo a mboni mwafa nyongolotsi zoposa 10 mwa 100 zilizonse, ntchito yonse yapita pachabe ndipo iyambidwenso, popeza palibe anganene motsimikiza kuti zinazo zidaphedwa ndi mankhwala, osati ndi ludzu kapena kutentha. Ana ambiri, ngakhalenso ophunzira ena a m'makoleji mwathu, amaliona botolo limeneli ngati lotaya nthaŵi chifukwa "mulibe kanthu". Tsiku limene adzazindikire kuti popanda ilo mabotolo enawo ali ngati mlandu wopanda mboni, adzakhala atapeza nzeru yogwira ntchito m'munda, m'chipatala ndi pa msika pomwe, pamene wogulitsa akulumbira kuti mankhwala ake ndiwo adachiritsa mbeu za uje.

Pa mapeto pake akatswiri amatulutsa nambala imodzi yotchedwa LC50, ndiyo mlingo wa mankhwala, m'mamiligalamu pa kilogalamu ya dothi louma, umene umapha theka la nyongolotsi. Nambalayo ikachepa ndiye kuti mankhwalawo ngaukali kwambiri, ndipo apa ana amasokonezeka poyamba. Chimene tifuna kuti chikhazikike m'mitu mwawo nchakuti funso loyenera sindilo lakuti chinthu nchakupha kapena ayi, koma lakuti chimapha pa mlingo wanji ndiponso m'masiku angati.

Tsono tichite bwanji pa sukulu yopanda chipinda cha Sayansi? Tinene mosapsatira: mankhwala ophera tizilombo, kaya ndi a mbozi za m'chimanga, kaya a anankafumbwe, kaya a thonje, asaloŵe m'kalasi ngakhale dontho limodzi. Phunziro la kuopsa kwa mankhwala lisasanduke ngozi imene likuchenjezayo. Mchere ukwanira. Nyongolotsi imapumira pa khungu lake lonyoŵa, ndipo mchere umatsopa madzi m'thupi mwake, kotero kuti chakudya chimene ana amachilaŵa tsiku ndi tsiku chimasanduka chiphe mlingo ukakula. Chitsanzo choposa chimenechi sitikuchiona.

Dothi likumbidwe pamalo amodzi, lisefedwe ndi kusakanizidwa bwino. Kalasi ligaŵidwe m'magulu 4, gulu lililonse likhale ndi zitini kapena mabotolo apulasitiki odula pakamwa. China chikhale cha mboni, zinazo zilandire mchere wosungunula m'madzi ofanana muyeso: mwachitsanzo kota ya supuni ya tiyi pa kilogalamu ya dothi, kenaka theka, kenaka supuni imodzi, kenaka ziŵiri, mlingo ulionse kuŵirikiza kaŵiri unzake. Mphunzitsi ayambe wayesa yekha milingoyi sabata ziŵiri phunziro lisanafike, monga momwe akatswiri nawonso amayambira ndi milingo yotalikirana kuti aone pamene imfa ikuyambira. Zitini zivundikiridwe ndi kansalu komanga ndi mphira, ziikidwe pa mthunzi. Pa tsiku loŵerenga, dothi likhuthulidwe pa pepala ndi kufufuzidwa pang'onopang'ono. Kuona maso a nkhono nkudekha. Nyongolotsi yakufa imaola msanga m'dothi lonyoŵa, choncho imene yasoŵa iŵerengedwe pamodzi ndi zakufa. Pomaliza ana asambe m'manja ndi sopo, ndipo dothi lamcherelo lisatayidwe m'dimba la sukulu.

Magulu akalemba ziŵerengero zawo pa bolodi, sizidzafanana. Gulu lina lidzapeza zakufa 3 pamene lina lapeza 6 pa mlingo womwewo. Mphunzitsi asathamangire kunena kuti ena alakwa, kapena kukonza nambala kuti zioneke zaudongo. Kusiyanako ndiko chifukwa chake akatswiri amayesa mabotolo 4 m'malo mwa limodzi, ndipo ndi mpata wabwino wophunzitsira avereji ndi maperesenti pa nambala zimene ana azitola ndi manja awo.

Alipo aphunzitsi anzathu amene amati nkulakwa kuphunzitsa ana kupha zolengedwa dala. Mawu awo sitikuwapeputsa, ndipo pa makalasi ang'onoang'ono tikugwirizana nawo. Mwamwai ilipo njira ina, imene bungwe la ISO lidaikhazikitsa mu 2008, yoyesa zimene nyongolotsi zimathaŵa. Bokosi limagaŵidwa pakati, mbali ina dothi labwino, mbali ina dothi lamankhwala. Chogaŵiracho chimachotsedwa, nyongolotsi 10 nkuikidwa pa mzere wa pakati, ndipo pakapita maola 48 amaŵerenga mbali imene zapita. Kaŵirikaŵiri nyongolotsi zimayamba kuthaŵa pa mlingo wochepa kuposa umene ungaziphe, motero mchere pang'ono ukwanira, ndipo zikatha kuŵerengedwa zimabwezedwa ku dimba zili zamoyo.

Njira yachiŵiriyi ikutifikitsa pa mfundo imene sitifuna kuti mphunzitsi aliyense ailumphe. Nyongolotsi ikapulumuka masiku 14, sindiye kuti mankhwalawo ngabwino. Ikhoza kukhala yamoyo koma yowonda, kapena yoleka kuswana, ndipo munda umene nyongolotsi zake zaleka kuswana udzazitaya zonse popanda munthu kuona mtembo ndi umodzi womwe. Nchifukwa chake mu 2004 bungwe la OECD lidaonjezera njira nambala 222, ya masiku 56, imene imaŵerenga ana oswedwa. Palinso nkhani imene Rachel Carson adaifotokoza mu 1962. Ku United States mitengo ya elm inkapoperedwa DDT pofuna kuiteteza ku matenda. Masamba adagwa, nyongolotsi zidadya masambawo, zambiri sizidafe koma zidasunga mankhwalawo m'matupi mwawo, ndipo mbalame zotchedwa robin zimene zidadya nyongolotsizo ndizo zidafa, monga zidachitikira pa bwalo la yunivesite ya Michigan State. Pamenepa nyongolotsi yopulumuka ndiyo idanyamula imfa. Ana a kumudzi, amene amaona nkhuku zikupalasa m'munda tsiku lililonse, sadzavutika kumvetsa nkhani imeneyi.

Tiwauzenso ana achikulire kuti Eisenia fetida kwenikweni ndi nyongolotsi ya m'manyowa, yofiirira, imene idasankhidwa chifukwa imaswana msanga ndipo njosavuta kuŵeta, osati chifukwa ndiyo imalima minda. Nyongolotsi za m'madimba mwathu nzamitundu ina, nthaka yathu nayo imatentha kuposa madigiri 20 miyezi yambiri. Nambala yopezedwa m'botolo la ku Ulaya ndi chenjezo lothandiza poyerekeza mankhwala aŵiri, koma siinena zonse za munda wa chimanga wa kuno.

Kwa ophunzira a pa koleji, pempho lathu nlakuti aliyense achite yekha ntchitoyi kamodzi asanapite kokaphunzitsa moyeserera, alembe tsiku loyamba, tsiku la 7 ndi la 14 m'kope lake la mapulani. Nthaŵi yabwino ndi ya dzinja, pamene nyongolotsi zili pafupi ndi pamwamba. M'chilimwe zimaloŵa pansi ndipo zimapezeka m'madimba mokha, pansi pa nthochi ndi pamene pamatayikira madzi a pa chitsime. Za malo okumba, mphunzitsi afunse anyamata oŵedza nsomba a m'kalasi mwake momwemo, popeza nyambo amaidziŵa kumene imakhala.