Kamtengo komera kokha kuseri kwa nyumba

Omvera athu a pa Likoma, musanazule kamtengo kamene kamera kokha kuseri kwa khitchini, yambani mwakayang'anitsitsa. Ana akamadya malambe amalavula nthanga paliponse, ndipo mvula ikagwa zina zimamera.

Chosokoneza n'chakuti mlambe ukakhala waung'ono sufanana ndi make. Milambe ikuluikulu imene timaidutsa popita ku tchalitchi cha St Peter's ili ndi masamba ogawika ngati zala za dzanja, zisanu kapena kuposerapo. Kamwana kake kamatulutsa tsamba limodzilimodzi losagawika, moti ambiri amangoti ndi katchire wamba. Tafukulani pang'ono patsinde ndi chala. Mukapeza muzu wotupa ngati kachinangwa, umenewo ndi mlambe.

Chilimwe chikafika kadzayoyola masamba onse n'kuoneka ngati kauma. Musathamangire chikwanje, sikanafe ayi. Madzi ambiri sikawafuna. Mdani wake ndi mbuzi, ndipo mbuzi zathuzi mukuzidziwa, choncho kazingeni ndi minga. Masamba ake anthete amakoma pa therere. Koma ngati kamera pafupi ndi nyumba, kasamutseni m'dzinja kadakali kakang'ono, chifukwa thunthu likadzakula lidzakankha khoma.