Kodi mkazi wa kunyanja saseka?

Atsikana anzathu, lero tikangane za mafilimu. Inde, mafilimu. Tikudziwa ena mwayamba kale kuti aaa, zinthu zadula chonchi, nkhanza zili mbwee, inu mukukamba za kanema? Dekhani kaye, muwerenge.

Funso lathu ndi ili: n'chifukwa chiyani kamera ikangofika ku Mangochi, ku Salima kapena ku Nkhata Bay, timadziwiratu kuti mkazi amene aoneke pamenepo alira? Dzuwa likulowa mokongola, mabwato akukocheza, kenako mayi wankhope yakugwa, mwana kumsana, akufotokoza momwe anaperekera thupi lake kuti apeze usipa wokagulitsa. Kanyimbo kachisoni chapansipansi. Kumapeto, dzina la bungwe lomwe lapereka ndalama.

Sitikuti nkhaniyo ndi yabodza, ayi. Zosinthanitsa nsomba ndi thupi zilipo m'madoko athu, ndipo sitisiya kuzidzudzula. Koma munthu ukamamuonetsa akulira tsiku ndi tsiku, anthu amaiwala kuti ali ndi mano.

Tengani The Last Fishing Boat ya Shemu Joyah, yomwe inatuluka mu 2012. Ndi filimu yabwino ndithu, sitikuinyoza, ndipo Flora Suya anaisewera mogwira mtima. Nkhani yake ndi ya Yusufu, msodzi amene nsomba zikumuthera m'nyanja, mwana wake watengeka ndi alendo odzaona malo, ndipo mkazi wake wachitatu, Abiti Anefa, akuvutitsidwa ndi mzungu womunyengerera ndi ndalama. Nkhani yolemera, yoyenera kukambidwa. Koma taonani pomwe mkazi waimikidwa: pakati pa amuna awiri, wina akukoka uku, wina uko. Papita zaka zoposa khumi chitulukireni filimuyi. Tiuzeni dzina la filimu ina ya kunyanja imene mkazi ndiye akuyendetsa nkhani, ndipo ife oonera tikugwira nthiti ndi phwete. Tikudikira.

Chimene tikufuna n'chosavuta. Filimu yoseketsa, yofatsa, ya kamudzi ka m'mbali mwa nyanja komwe aliyense amadziwa ngongole ya mnzake. Palibe wophedwa, palibe wogwiriridwa. Vuto lake laling'ono kwa anthu akunja koma lalikulu kwa eni mudzi: injini ya boti yasowa, ndalama za banki m'khonde zaperewera dzulo la tsiku logawana, mwera wawomba sabata yathunthu ndipo amuna onse ali pakhomo, akusokoneza azimayi pa ntchito zawo. Filimu yotere imakoma chifukwa umaseka pamodzi ndi anthuwo, suwaseka. Ukamaliza kuonera umamva ngati wachokera kwa azakhali ako. Munthu waweruka, wapanikizana mu minibasi mpaka pa Kameza, wafika kunyumba magetsi azima, foni yatsala ndi moto pang'ono. Eti pamenepo mumuonetsenso maliro?

Ndipo nkhaniyi si ya kupumula kokha. Kuti munthu akhale woseketsa pa kanema, amayenera kukhala munthu wathunthu: wamakani, wochenjera, wodziwa kunama pang'ono, wolakwitsa n'kudzikonza yekha. Mayi wa m'mafilimu a mabungwe saloledwa zimenezi. Sangakhale waumbombo, sangapusitse munthu, sangatukwane kondakitala. Ntchito yake ndi kuvutika mwaulemu kuti ife timumvere chisoni. Ameneyo si munthu, ndi chithunzi cha pa kalendala.

Tsono tembenukirani ku nthabwala zomwe tili nazo kale pa TikTok ndi pa Facebook. Kumeneko mkazi alipo, inde, koma monga ndiwo. Mkazi wolongolola. Mtsikana wokonda ndalama za madala. Apongozi amfiti. Wantchito wopusa wochokera kumudzi. Kapena mwamuna wamanga chitenje, waika mapilo kumbuyo, akulankhula ndi mawu opyapyala, ndiye kuti nthabwala yatha pomwepo. Ndipo ndi tingati mwa timasewero timeneti timathera pa mbama? Anyamata ang'onoang'ono a ku Ndirande, ku Bangwe ndi ku Machinjiri akuonera zomwezo, akuphunzira kuti mkazi akamenyedwa ndi pomwe pamafunika kuseka. Ndiye mkazi wa ku Malawi pa kanema wapatsidwa mipando iwiri yokha: wolirapo ndi wosekedwerapo.

Amene amati akazi sadziwa kuseketsa sanaimepo pa Kameza madzulo, pafupi ndi amayi ogulitsa nsomba. Kamvereni momwe amamuyankhira bambo wa tayi amene akufuna banyira pa mulu umodzi wa bonya. Kakhaleni kuseri kwa nyumba pa chinkhoswe, pomwe pakuphikidwa nsima, kapena pa mjigo m'mawa. Ngakhale pa maliro, kukhitchini kumamveka kuseka kobisa m'chitenje. Nya-Uyu watisonyeza kale kuti mkazi akhoza kuimirira yekha anthu n'kugwa ndi phwete. Gertrude Kamkwatira ankalemba masewero n'kutsogolera gulu lake la zisudzo mpaka pomwe anamwalira mu 2006. Joyce Mhango Chavula anabweretsa mphoto ya AMVCA mu 2016 ndi filimu yake ya Lilongwe. Luso lilipo, asisi. Chosowa ndi mpata.

Nkhani nazo n'zosayamba. Nsomba imene mwadya dzulo yadutsa m'manja mwa akazi angati? Amuna amapita usiku ndi chilimira ndi nyali, zoona. Koma kukacha, amene amatsutsana mtengo pa doko, kufutsa usipa, kuuyanika pa thandala, kuulondera kuti mvula, akhwangwala ndi ana asautheretu, kuulongedza m'matumba, kukangana ndi woyendetsa lole mpaka ufike ku Limbe, ambiri mwa iwo ndi akazi. Ulendo umenewo wokha, kuchoka ku Msaka kufika mumzinda, ndi filimu yathunthu.

Nanga za ku Mbenji munazimva? Ndi chilumba cha ku Salima, m'dera la Senior Chief Makanjira, chotchuka ndi utaka. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, mafumu a kumeneko amatseka usodzi nyengo ya dzinja kuti nsomba ziswane, ndipo akatswiri amayamikira kuti njirayi yateteza nsomba pomwe madera ena zikutha. Apo tiwaombere m'manja. Koma pa malamulo a pachilumbacho pali zoletsedwa izi: mowa, chamba, juga, ndi akazi. Mwamva bwino. Tili pa mndandanda umodzi ndi kachasu. Tsono taganizani wolemba wanzeru atatenga mudzi wongopeka wokhala ndi lamulo lotere, n'kuikamo mayi amene boti ndi lake, ukonde ndi wake, mafuta wagula yekha, koma saloledwa kuponda pomwe chuma chake chikugwira ntchito. Akuyendetsa zonse ali kumtunda, pa foni ya mabatani, amuna khumi akunjenjemera ikangolira. Filimu imeneyo ingatiseketse mpaka misozi, ndipo ingafunse funso lomwe misonkhano ya m'mahotela imaopa kufunsa pamaso pa mafumu.

Ena ati kuseka n'kupeputsa mavuto a amayi. Ife tikuti amayiwo amaseka kale, osadikira chilolezo chanu. Ena ati opanga mafilimu amatsata komwe kuli ndalama, ndipo ndalama zili kwa mabungwe ofuna uthenga. Chabwino. Ndiye mabungwe amene mumati mumaimira amayi, ikaniponi ndalama pa filimu imodzi yopanda phunziro kumapeto, yolembedwa ndi mkazi. A Film Association of Malawi, pa maphunziro anu a olemba, atsikana olemba nthabwala alipo angati?

Ifenso tili ndi mbali yathu. Bandulo ndi yathu, chala chogawira ndi chathu. Kasewero kothera pa mbama tisakatumize ku gulu la WhatsApp, ngakhale katakhala koseketsa bwanji koyambirira. Ndipo iwe amene anzako amati umawapha ndi nthabwala, amene agogo ako ali ku Makawa kapena ku Chembe: holide ikubwerayi pita ndi kope, ukakhale pa thandala, ukamvere.

Inu opanga mafilimu, mukadzaijambula, chonde gawo la mayi mwini boti musadzapatse mwamuna wovala chitenje.