ZA GALIMOTO: Kompyuta ya galimoto imanamiziridwa, wolakwa ndi waya wa ethi

Eni galimoto zonyamula mbatatesi ya kachewere ku Tsangano ndi fodya ku Macanga akutaya ndalama zambiri pogula kompyuta ya injini ina, pamene cholakwika ndi kawaya kamodzi kamene kachita dzimbiri.

Galimoto zakale, dizilo akangofika ndiye kuti ulendo ulipo. Koma zambiri zimene zikubwera kuchokera ku Japan masiku ano, monga Hilux ya D-4D, zili ndi kabokosi ka kompyuta kamene kamalamula mafuta olowa mu injini. Kabokosi kameneka kamamvera masensa, ndipo ambiri mwa iwo amayendera mphamvu yochepa ya 5 volts basi. Tsono magetsi akasokonekera pang'ono chabe, kompyuta imamva zabodza ndipo nayo imalamula zabodza.

Magetsi a galimoto ali ngati munthu wopita kumsika: ayenera kukhala ndi njira yobwererera kwawo. Amachoka ku mutu wa pulasi wa batire, nagwira ntchito yake, n'kubwerera ku mutu wa mainasi kudzera m'zitsulo za injini ndi chasisi. Waya wolumikiza zitsulozi ku batire ndiye amene amakaniko amati ethi, ndipo ophunzira ntchito ku Tete amati massa. Kompyuta nayo ili ndi timawaya take ta ethi tomangidwa ndi bawuti pa injini kapena pa bodi.

Misewu ya kuno ndi mdani wa mawaya amenewa. Mabampu a msewu wa ku Furancungo amamasula mabawuti, fumbi la m'chilimwe limalowa pansi pa washa, ndipo matope a m'dzinja ndi chinyezi cha kumapiri a Tsangano zimabweretsa dzimbiri. Feteleza wotayikira m'galimoto amadyanso chitsulo msanga.

Zizindikiro zake sizivuta. Sitata imazungulira mwaulesi chonsecho batire ndi latsopano. Nyali za padashibodi zimayaka ndi kuzima zokha. Injini imazima ikagunda bampu, kenaka n'kulira ngati palibe chachitika. Dalaivala akaponda buleki, indiketa imayakira limodzi. Nthawi zina waya wa handibuleki kapena wa akiseleta umatentha, chifukwa magetsi asowa njira yawo ndipo akudzera pamenepo. Makina oyezera kompyuta akaonetsa zolakwika zambiri zosagwirizana nthawi imodzi, woyamba kumukayikira ndi ethi.

Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Makaniko wodziwa ntchito amayamba wayeza batire ndi multimeter: lodzaza bwino limaonetsa pafupifupi 12.6 volts injini ili chozima. Kenaka amagunditsa waya umodzi wa mitayo pa mutu wa mainasi, wina pa chitsulo cha injini, mnzake n'kuliza sitata. Ikaonetsa kupitirira 0.2 kapena 0.3 volts, ndiye kuti magetsi akutayika panjira. Pa ethi ya kompyuta, injini ikulira, isapitirire 0.1. Kungoona ndi maso kapena kugwedeza waya sikokwanira, pakuti waya umatha kuola m'kati kunja kukuoneka bwino.

Kumudzi kumene kulibe mita, waya wa jampa umathandiza. Aukanikize pa mainasi wa batire ndi pa chitsulo choyera cha injini. Galimoto ikalira bwino, matenda apezeka.

Pokonza, azimitse kiyi ndi kuyamba wachotsa mutu wa mainasi. Amasule bawuti wa ethi, apale ndi sandipepa mpaka chitsulo chiwale mbali zonse ziwiri, osasiya penti kapena dzimbiri. Zoyera zotuwa za pa mitu ya batire zimachoka ndi madzi osakaniza soda. Akamanga zolimba, apake girizi pang'ono pamwamba kuti madzi asalowe. Waya wothothoka ausinthe ndi wina wonenepa chimodzimodzi. Waya wa m'nyumba kapena wongopotokola ndi dzanja ungathe kuyatsa moto.

Chenjezo lina likupita kwa owotcherera. Asanawotcherere bodi kapena chasisi, batire lichotsedwe, ndipo chopanira cha makina awo chikhale pafupi ndi pamene akuwotcherera. Kupanda kutero, kompyuta imapsadi, ndipo apo ndiye palibe sandipepa angaidzutse.

Galimoto ikafa pakati pa Ntengo-wa-Mbalame ndi Biriwiri ili ndi matumba a mbatatesi, wolira si mwini galimoto yekha. Mlimi amaphonya tsiku la msika, katundu n'kuyamba kuola, ndipo wodwala wa m'mudzi amasowa chomufikitsa kuchipatala. Choncho mvula isanayambe, ndiponso nyengo yonyamula fodya isanafike, mwini galimoto aliyense auze makaniko wake kuti aone mawaya onse a ethi. Ndipo wina akanena kuti kompyuta yafa, mwiniyo afunse kaye kuti, "Kodi ambuye, ethi mwayeza?" Yankho likakhala lakuti ayi, ndalama zikhale kaye m'thumba.