Nyeleti ya kawiri pa caka siilowa m'malo mwa ma ARV

Mu Novembala 2025 Zambia inali pakati pa maiko oyamba mu Africa kulandira lenacapavir, nyeleti yoteteza ku HIV yolasidwa kawiri pa caka. Ife a ku Nangongwe tiyenera kuimvetsa bwino nkhaniyi isanapotozedwe m'misika ndi m'mabasi.

Kacilombo ka HIV kamasunga malangizo ake pa ulusi wochedwa RNA, wokutidwa m'cigoba ca puloteni. Kakalowa m'selo la munthu, cigobaco cimagwirana ndi mapuloteni a munthuyo, amene amacipereka mpaka pakati pa selo. RNA ija imakopedwa kukhala DNA n'kulumikizidwa ku DNA ya munthu, ndipo selo limayamba kubala tizilombo tatsopano.

Asayansi monga Wesley Sundquist wa pa University of Utah anatha zaka zambiri akufufuza cigoba cimeneci. Lenacapavir ndi cipatso ca nchitoyo: imamatira pamalo pomwe mapuloteni a munthu amagwira, ulendo wa kacilombo n'kuthera panjira. Pa kafukufuku wa mu 2024 ku South Africa ndi Uganda, mwa atsikana ndi azimai 2,134 amene analasidwa, palibe anatenga HIV. Bungwe la WHO linailimbikitsa mu Julayi 2025.

Koma nyeletiyi yabwera kudzateteza amene alibe kacilombo, ndiye cifukwa cake munthu amayamba wapimidwa. Amene ali pa ma ARV asaleke. Kupima viral load kumawerenga RNA ya kacilombo m'magazi. Akakuuzani kuti siikuoneka, mankhwala akugwira nchito, koma DNA ija ikali m'maselo. Mukaleka kumwa, kacilombo kamabuka. Conco pocitira umboni mu mpingo, tiyamike Mulungu kuti kacilombo kagonja, osati kulengeza kuti tacira n'kutaya mapilisi.

Funso lotsala ndi la ndalama. Thandizo la America linagwedezeka mu Januwale 2025, ndipo lenacapavir yochipa, ya madola 40 pa caka, ikuyembekezeka mu 2027. Kufikira nthawiyo sidzakwanira onse oifuna. Mipingo ili ndi liu pa za umoyo kudzera mu CHAZ, ndipo iyenera kufunsa kuti atsikana a m'makomboni ngati athu afikiridwa liti. Pakali pano funsani anamwino ku kiliniki za njira zodzitetezera zimene zilipo, ndipo wa ma ARV asaphonye tsiku lake lokatenga mankhwala.