Abwana ofufuza, zimene munapeza zija zili kuti?

 Lero sindikamba za mayeso kapena za malipiro. Ndili ndi dandaulo limene lakhala likundidya kwa zaka, ndipo sabata ino landifika pakhosi.

Lachiwiri lapitali pasukulu pathu panaima galimoto yoyera. Munatuluka achinyamata atatu, aulemu ndithu, atanyamula matabuleti ndi kalata yachilolezo. Anati akuchita kafukufuku wa mmene ana a sukulu za kumudzi amagwiritsira ntchito foni, wailesi ndi intaneti pa maphunziro awo. Kumene anachokera sinditchula, chifukwa vuto si la iwo okha. Ahedi anawapatsa Fomu 3 yanga, mapiriyodi awiri athunthu a Jogalafe. Mafunso anayambika. Kunyumba kwanu kuli foni? Ndi ya ndani? Mumakachajitsa kuti, pa ndalama zingati? Mumamvera wailesi iti? Ana anayankha mokhulupirika. Pambuyo pake mtsikana wina anadzandiuza, ali ndi mantha, kuti anawaululira zoti foni imene amawerengera notsi amabwereka kwa bambo wina wogula nsomba kudoko, zimene ngakhale amayi ake sakuzidziwa. Anandifunsa kuti, "Aphunzitsi, kodi zimenezi azipita nazo kuti?" Ndinasowa chomuyankha.

Alendowo akunyamuka ndinafunsa wamkulu wawo kuti, "Achimwene, nanga zimene mupezezo ife tidzazimva liti?" Anamwetulira nati lipoti likatuluka adzatitumizira. Abale anga, ili ndi gulu lachisanu kundilonjeza zomwezi chibwerereni kuno. M'kabati ya ahedi mulibe ngakhale tsamba limodzi lochokera kwa anayi oyamba aja. Muli buku la alendo basi, mmene anasainamo mayina awo.

Ndineneretu kuti sindidana ndi kafukufuku. Ndine mphunzitsi, ndimadya za ophunzira anzanga amene anafufuza nkulemba. Akuluakulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo nzoona. Chimene ndikukana nchakuti mlendoyo atimete, tsitsi atenge, kalumo atenge, kalilole osatipatsa kuti tidzione mmene tametedwera. Ndipo zimandiseketsa mopweteka kuti amene achita izi sabata ino ndi akatswiri a za kufalitsa uthenga. Munthu walemba masamba 300 onena za mmene uthenga umafikira anthu akumudzi, koma uthenga wake womwe walephera kuyenda makilomita 30 kuchoka m'tauni ya Zomba kufika ku Kachulu!

Musaganize kuti zimene amapezazo ndi zopanda ntchito. Zikanakhala zachabechabe bwenzi nditangokhala chete. Tamverani zitsanzo izi, kenako mudzifunse kuti ndi angati mwa ife amene amazidziwa.

Choyamba ndi cha kwathu konkuno. Mu 2008 ndi 2009, m'madera 176 a boma la Zomba munachitika kafukufuku amene dziko lonse lapansi limamutchula. Atsikana osakwatiwa a zaka 13 mpaka 22 ndi makolo awo ankalandira ndalama mwezi ndi mwezi. Ena ankalandira pokhapokha mtsikanayo akamapita kusukulu, ena ankangolandira popanda lamulo lililonse. Sarah Baird, Craig McIntosh ndi Berk Özler anasindikiza zotsatira mu 2011. Anapeza kuti ndalama za lamulo zija ndi zimene zinasunga atsikana ambiri m'kalasi, koma zopanda lamulo ndi zimene zinachepetsa maukwati ndi mimba, makamaka pakati pa atsikana amene anali atasiya sukulu. Atabwereranso patapita zaka anapeza kuti zambiri mwa zabwinozo zinazilala ndalama zitasiya kubwera. Taganizani! Iyi ndi nkhani imene komiti ya sukulu iliyonse, gulu la amayi lililonse losamalira atsikana, mfumu iliyonse kwa Mwambo ndi kwa Kuntumanji ikanayenera kuikambirana pansi pa mtengo. Ophunzira a zachuma m'mayunivesite a ku America amaiwerenga. Nanga m'chipinda chanu cha aphunzitsi, tafunsani mawa pa buleki, muone manja angati akwere.

Chachiwiri ndi cha matabuleti. Mu 2015 Nicola Pitchford wa ku yunivesite ya Nottingham anasindikiza kafukufuku amene anachita pasukulu ina ya pulayimale ku Lilongwe. Ana a Sitandade 1 mpaka 3 ankaphunzira masamu pa tabuleti theka la ola patsiku kwa milungu 8, pogwiritsa ntchito pulogalamu ya bungwe la onebillion imene imalankhula Chichewa, ndipo anapeza kuti zinawathandiza. Kuchokera mu ntchito ngati imeneyi, mu 2023 boma linayamba pulogalamu ya BEFIT yofuna kufikitsa matabuleti m'sukulu zonse za pulayimale za boma. Ndiye kuti pepala limodzi la kafukufuku lingathe kusintha mmene mwana wa ku Chisi aphunzirire kuwerenga. Koma mphunzitsi amene akamugwire dzanja mwanayo akuyenera kudziwa kuti kuyesa koyambako kunachitikira m'tauni, kwa milungu yowerengeka. Akadziwa zimenezo adzafunsa mafunso oyenera: nanga kuno kumene sola imavuta nthawi ya mitambo, kumene kalasi imodzi imadzaza mpaka pakhomo, zikhala bwanji? Mphunzitsi wosadziwa amangolandira katoni nkusaina.

Chachitatu ndi cha wailesi. Inu a pulayimale mukukumbukira Tikwere, maphunziro a pa wailesi a Sitandade 1 mpaka 3 amene anayamba cha m'ma 2008 ndi thandizo la USAID, ndi mawailesi opukusa aja. Sukulu zitatsekedwa mu Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, kodi ana athu anathawira kuti? Osati ku intaneti. Amene anaphunzirako kalikonse kuno anaphunzira pa wailesi ndi m'makope akale. Kalembera wa 2018 anapeza kuti Amalawi 84 mwa 100 alionse amakhala kumudzi. Aliyense wofufuza za mauthenga m'Malawi amadziwa kuti kumudzi uthenga umayenda pa wailesi, m'tchalitchi, mumzikiti, pamaliro ndi pamsonkhano wa mfumu. Amadziwa, analemba okha. Nanga bwanji zotsatira zawo sazidutsitsa m'njira zomwezo?

Ndikudziwa zimene andiyankhe, chifukwa ndazimvapo. Yankho loyamba ndi lakuti zonse zili pa intaneti. Inde, zina zilipo zaulere, ndipo ndikuthokoza. Koma zina ukangotsegula zimakufunsa madola. Ngakhale zaulerezo, uyambe wagula bandulo, ukwere pachulu kusaka netiweki, kenako ukumane ndi Chingerezi choti ngakhale ine amene ndinadutsa ku Domasi ndimawerenga ndi dikishonale pambali. Kuika chakudya padenga nkumuuza mwana kuti wamupatsa, si kumupatsa ayi.

Yankho lachiwiri ndi lakuti amachititsa misonkhano yofotokozera zotsatira. Amachititsadi. Kuti? Ku hotela ku Lilongwe kapena kunyanja ya Mangochi, kumene amaitana mabwana a ku unduna ndi a mabungwe, anthu amene sanayankhe funso ngakhale limodzi. Amene anataya mapiriyodi awiri, amene anaulula zinsinsi za m'nyumba mwake, amene anasiya ukonde padzuwa kuti akhale pansi ndi mlendo, ameneyo saitanidwa. Iye ndi nambala chabe m'tebulo lachitatu.

Yankho lachitatu salinena mokweza, koma limaoneka pankhope: anthu akumudzi sangazimve zimenezi. Apa ndiye ndimapsa mtima. Mu 2011 Harri Englund wa ku Cambridge anatulutsa buku lotchedwa Human Rights and African Airwaves, lonena za pulogalamu ya Nkhani Zam'maboma ya pa MBC. Ophunzira ambiri ankainyoza pulogalamu imeneyi kuti ndi miseche ndi nkhani za ufiti. Iye anakhala pansi, anaphunzira Chichewa, anamvetsera, ndipo anaonetsa kuti m'nkhani zimenezo anthu wamba amakhala akuweruza mafumu, mabwana, abusa ngakhale ife aphunzitsi, kutikumbutsa udindo wathu kwa amene ali pansi pathu. Anthu amene amatha kutumiza nkhani ku wailesi kuti adzudzule mfumu yawo mochenjera chotere, mukuti angalephere kumva kuti ndalama za lamulo zinachita izi, zopanda lamulo zinachita izo? Msodzi amene amadziwa nyengo ya matemba poyang'ana mtundu wa madzi ndi mphepo, mukuti sangamve za kuphwa kwa nyanja yake?

Ndipo nyanja yomweyi ndi umboni wanga waukulu. Chilwa yafufuzidwa kwa zaka zoposa 50. Inaphwa mu 1968 akatswiri a University of Malawi akuiyang'ana, ndipo mu 1979 Margaret Kalk ndi anzake anatulutsa buku lalikulu la zimene anaona, losindikizidwa ku The Hague. Inaphwanso mu 1995, ndipo inaphwera kwambiri mu 2012 ndi mu 2018. Zinalembedwa kale kuti nyanjayi imapita nkubwerera, kuti nsomba zimabisala m'mitsinje ngati Likangala ndi Domasi ndi m'madambo, ndipo zikasungidwa kumeneko ndi zimene zimadzadzazanso nyanja madzi akabwera. Ine ndimaphunzitsa Jogalafe pamphepete pa nyanja imeneyi, koma ana anga amadziwa zambiri za mtsinje wa Rhine kuposa za madzi amene amasamba.

Kunena chilungamo, alipo amene anaonetsa kuti nzotheka. Pulogalamu yothandiza anthu a m'chigwa cha Chilwa kuthana ndi kusintha kwa nyengo, imene inayamba mu 2010 ndi thandizo la dziko la Norway, inabweretsa zoumitsira nsomba zoyendera dzuwa kwa amayi a ku Kachulu, ndipo pa Chancellor College panakhazikitsidwa Chanco Community Radio kuti nkhani zoterezi zizifika kumidzi. Ndiye njira ilipo. Chikusowa ndi lamulo loti aliyense aziidutsa, osati okhawo a mtima wabwino.

Tsono ndisangoloza anzathu chala. Nafenso aphunzitsi tili ndi mlandu. Galimoto yoyera ikaima, funso lathu loyamba limakhala lakuti kodi kuli alawansi? Tikalandira fanta ndi kaenvulopu timaiwala kufunsa kuti kalasi yathu ipindula chiyani. Timapereka ana a eni ake kwa alendo ngati tikubwereketsa mabenchi. Ine ndemwe ndachita zimenezi kanayi konse. Lachiwiri lija ndi funso la mtsikana uja limene landichititsa manyazi.

Choncho ndikupempha zinthu zitatu, ndipo si zodula. Choyamba, bungwe la National Commission for Science and Technology ndi makomiti a m'mayunivesite amene amapereka chilolezo cha kafukufuku aike lamulo: wofufuza aliyense alembe masamba awiri a zimene wapeza m'chilankhulo cha anthu amene anawafunsa, kaya Chichewa, Chiyao kapena Chilomwe, ndipo awafikitse kumene anafunsako. Akapanda kutero asapatsidwenso chilolezo china. Omasulira alipo. Centre for Language Studies ili mu Zomba momwemu, ndipo ndi imene inatipatsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja. Chachiwiri, m'bajeti ya kafukufuku, mmene muli mafuta a galimoto ndi malo ogona, muikidwenso ndalama ya theka la ola pa wailesi ya m'dera, anthu aimbe foni afunse, atsutse ngati nkofunika. Chachitatu ndi chathu aphunzitsi: tisalolenso mlendo kulowa m'kalasi asanalembe m'buku la alendo tsiku limene adzabwerere, ndi nambala ya amene akumuyang'anira. Ndipo tisanawapereke ana, tiwauze momveka kuti ali ndi ufulu wokana funso lililonse.

Inu ana anga amene tsopano muli ku UNIMA, ku MUBAS, ku Mzuni ndi kwina, ena mwa inu chaka chino mulemba kafukufuku wanu womalizira digiri. Ndikudziwa kuti mudzabwera konkuno ndi mafunso anu, chifukwa kuno nkwanu ndipo anthu sangakukanizeni. Bwerani, tikulandirani. Koma mukamaliza, mukavala gauni nkujambulitsa, mukwerenso minibasi pa Matawale mubwere mudzaime kutsogolo kwa Fomu 3, mutiuze m'Chichewa zimene munapeza. Ndidzakupatsani mapiriyodi awiri omwewo, ndipo choko ndigula ndekha.

Mtsikana uja ndamuuza kuti ndalemba kalata kwa amene anatumiza alendo aja, kufunsa kumene mayankho ake asungidwe ndi amene adzawaone. Kalatayo yapita Lachinayi. Akayankha ndidzakuuzani. Akapanda kuyankha ndidzakuuzaninso.