Agogo anamangidwa pa msonkho: tiwafune kuti?

M'mabanja ambiri muli dzina lomwe satchula: agogo aja anatengedwa ndi asipayi. Ana amayesa anali mbava. Ayi, abale anga. Nthawi ya Apwitikizi, kulephera msonkho wa nyumba kapena kuyenda wopanda caderneta kunali kokwanira kuti munthu atsekeredwe ku boma, alawe mbalamatodya, kenaka apite ku chibalo. Ena anawakweza chombo kukalima koko ku São Tomé. Lamulo la indigenato linathetsedwa mu 1961.

Tsono tiyambire pati? Yambani ndi akuluakulu a pamudzi akadali moyo. Funsani dzina la ubwana, la ubatizo, mfunda, mfumu ya nthawiyo ndi chaka, ngakhale chikhale "chaka cha dzombe". Lembani zonse m'kope.

Kenaka pitani ku mishoni, monga ku Lifidzi, mukapemphe kuona mabuku a ubatizo ndi a ukwati. Makalata akale a boma amasungidwa ku Arquivo Histórico de Moçambique ku Maputo, yomwe inakhazikitsidwa mu 1934. Ngati agogo anathawira ku Nyasaland, nkhokwe ya makalata ili ku Zomba.

Chenjerani ndi kalembedwe: Kamwendo ankalemba Camuendo, ndipo Ulónguè ankati Vila Coutinho.

Musazengereze. Nkhalamba ikapita, palibenso wokuuzani dzina lokafunsira kumeneko. Mukalipeza, auzeni adzukulu kuti agogo awo sanabe kanthu.